Kodi mapu a pafoni angatifikitse kumudzi ku Jamaica?

Mayi wina wa ku Malawi amene akukhala ku Britain watilembera motere:

"Zikomo akatswiri. Ine ndi namwino, ndimagwira ntchito ku Birmingham. Mnzanga wa kuntchito, amene makolo ake ndi a ku Jamaica, akukakwatitsa mwana wake kumudzi kwawo ku St Elizabeth ndipo watiitana ine ndi bambo a kunyumba. Tidzatsikira ku Montego Bay. Tikufuna titenge galimoto ya hayala masiku 10, kuti ukwati ukatha tikaoneko Kingston, mapiri a Blue Mountains ndi Port Antonio. Vuto ndi lakuti dzina la mudzi limene anandipatsa ndikalilemba pafoni likutuluka malo atatu osiyana. Wina wandiopsezanso kuti mapu a pafoni kumeneko amasocheretsa. Bambo akuti tingodalira Google Maps basi, koma ine mtima sukukhazikika. Kodi mapu odalirika ndingawapeze kuti? Nanga tikwanitsa kudziyendetsa tokha?"

Mayi, mtima ukhale m'malo, ulendo umenewu ndi wotheka. Ine ntchito yanga ndi yoyeza malo ndi kujambula mapu, ndipo ndinakhalako zaka zingapo ku Kingston, ndikuyenda m'misewu ya pachilumbachi pafupifupi sabata iliyonse. Chokupepukitsirani choyamba n'chakuti ku Jamaica galimoto zimayenda kumanzere, monga kwathu komanso monga kumene mukukhalako. Galimoto zambiri chiwongolero chili kumanja, zikwangwani ndi za Chingerezi, liwiro amawerenga m'makilomita: 50 m'tauni, 80 kunja kwa tauni, mpaka 110 m'mbali zina za misewu yolipira. Chilumbacho n'chaching'ono. Kuchokera kunsonga ya kum'mawa kukafika kunsonga ya kumadzulo ndi makilomita pafupifupi 235, osakwana n'komwe mtunda wa pakati pa Lilongwe ndi Blantyre. Komatu kuchepako ndiko kumapusitsa alendo. Munthu amayang'ana mapu n'kumati azungulira dziko lonse dzuwa lisanapendeke, osadziwa kuti pakati pa chilumbacho ndi mapiri okhaokha, ndipo makilomita 40 a m'mapiri amenewo atha kumudyera maola awiri.

Bambo sakulakwa kwenikweni. M'matauni ndi m'misewu ikuluikulu Google Maps imagwira bwino, ine ndemwe ndimayenda nayo. Koma inunso nkhawa yanu ili ndi mutu. Mapu a pafoni amadziwa pamene msewu wadutsa. Chimene sadziwa ndi mmene msewuwo wadzukira lero, ndipo ku Jamaica kusiyana kwa ziwirizi n'kwakukulu.

Ndifotokoze chifukwa chake, poti mukachimvetsa simudzavutikanso kusankha njira. Misewu ya kumeneko ili ndi eni ake osiyana. Ikuluikulu, ya makilomita pafupifupi 5,000, imayang'aniridwa ndi bungwe la boma la National Works Agency. Mwa imeneyi muli ya chilembo A, yomwe imalumikiza matauni akuluakulu, ndi ya chilembo B, yomwe yambiri imadula m'mapiri. Ndiye pali misewu ina yochuluka kuposa pamenepo, ya makhonsolo a m'madera ndi ya kuminda, imene ina inaona tala komaliza kalekale. Pafoni yonseyi imaoneka timizere tofanana. Pamsewu umene pamadutsa galimoto zambiri, pulogalamu imaphunzira liwiro lenileni kuchokera ku mafoni a anthu amene adutsapo. Pakanjira ka kumudzi kamene pamadutsa galimoto zisanu patsiku ilibe poti iphunzirire, ndiye imangoyerekeza. Ikaona kuti kanjirako kakuchepetsa makilomita 9, imakuuzani mwaulemu kuti mukhotere kumanja. Siinama dala, ikungonena zimene yaona papepala.

Zinandichitikira ndili ndi miyezi yochepa pachilumbachi, ndipo ndi manyazi poti ndine wa mapu. Ndinkachokera kumwera kupita kugombe la kumpoto kudzera m'mapiri a Trelawny, kumene amalima zilazi kwambiri. Pulogalamu ina ya pafoni inandionetsa njira yachidule. Poyamba munali tala, kenako tala wa zigambazigamba, kenako miyala yoyera ya laimu imene kumeneko amaitcha marl, kenako udzu unayamba kukhula pansi pa galimoto. Netiweki inali itathawa kalekale. Pakhona ina ndinakumana ndi agogo akutsika ndi bulu atasenza zilazi m'madengu awiri, chikwanje chili m'manja. Anayang'ana kagalimoto kangako, anayang'ana ine, kenako anapukusa mutu. Anandiuza kuti kutsogoloko kuli breakaway, mawu amene amanena msewu ukagumukira kuphompho, ndipo kuti panagumuka zaka ziwiri zapitazo. Potembenukira panalibe. Ndinabwerera chambuyo pafupifupi theka la kilomita, agogowo akuyenda pambali kumandimenyera padenga tayala likayandikira m'mphepete. Pafoni msewuwo unali bwinobwino, wabuluu kuchokera koyambira mpaka kothera.

Kuyambira tsiku limenelo lamulo langa n'lakuti njira ndimasankha ndine, foni ntchito yake ndi kundiuza pamene ndafika. Usiku woti mawa ndinyamuka ndimalemba pakapepala matauni amene ndidutse motsatana, ndi nambala ya msewu. Foni ikandiuza kuti ndichoke mu msewu wa A kulowa kanjira kopanda nambala, ndipo sindinafike pafupi ndi kumene ndikupita, ndimaikana. Imadandaula pang'ono kenako imakonza njira ina.

Tsopano za mudzi wa ukwatiwo, poti ndi pamene pagona nkhani yanu. Kutuluka kwa malo atatu si vuto la foni yanu. Midzi yambiri ya ku Jamaica inatenga mayina a maesiteti akale a nzimbe ndi khofi, ndipo eni maesitetiwo ankakonda mayina omweomwewo: Content, Retreat, Friendship, Mount Pleasant, Richmond. Dzina limodzi limapezeka m'madera angapo, nthawi zina kawiri m'dera limodzi. Ngakhale malo otchuka sapulumuka. Nine Mile, kumene anabadwira Bob Marley, ili m'mapiri a St Ann, koma palinso Nine Miles ku Bull Bay, kum'mawa kwa Kingston, mbali ina ya chilumba. Dzikolo linagawidwa m'zigawo 14 zimene amazitcha parish, tingoti maboma, ndipo adiresi ya kumudzi imakhala dzina la mudzi, positi ofesi yapafupi, ndi parish. Ma postcode ngati a ku Birmingham, oti mukalemba akufikitsani pakhomo penipeni, kumeneko anthu sagwiritsa ntchito.

Choncho mnzanuyo mumupemphe zinthu zitatu, ndipo musachite manyazi kumuvutitsa. Choyamba, wachibale amene ali kumudziko aime pageti la nyumba kapena la tchalitchi n'kutumiza location pa WhatsApp. Ikhale yotumizidwa ndi munthu amene waima pamalopo, osati yoloza ndi chala pamapu ali ku England, chifukwa yotereyi imatha kuphonya ndi chigwa chathunthu. Mukailandira muisunge pafoni ndi dzina, mulembenso manambala ake papepala. Chachiwiri, akuuzeni tauni yaikulu imene anthu a m'mudzimo amakagulako zinthu, kaya ndi Santa Cruz, Black River, Junction kapena Balaclava. Tauniyo ndi imene muziilemba pafoni ponyamuka ku Montego Bay, ndi imenenso muzifunsa m'njira. Chachitatu, akufotokozereni pakamwa makilomita omaliza: mukhotere pa tchalitchi chanji, mudutse sukulu iti, shopu ya mtundu wanji. Ndipo mufunse funso ili momwemu: anthu akamabwera ndi galimoto yaing'ono amalowera mbali iti? Midzi yambiri ya m'mapiri ili ndi njira ziwiri, ina yabwino ina yakufa, ndipo foni imakonda yakufayo poti ndi yaifupi. Ngati n'kotheka, wina adzakuchingamireni pomwetsera mafuta m'tauniyo inu muzimutsatira pambuyo. Pa ukwati achinyamata ofuna kutumidwa sasowa.

Ku Kingston nkhani ndi ina. Kumeneko misewu ili ndi mayina ndi manambala, ndipo mzindawo unagawidwa m'zigawo za positi: New Kingston ndi Kingston 5, Liguanea ndi Kingston 6, Mona ndi Kingston 7, Half Way Tree ndi Kingston 10. Nambala imeneyi muziilemba, imathandiza kusiyanitsa misewu ya mayina ofanana. Musadabwenso mukaona nyumba ya nambala ya theka. Ofesi yeniyeni ya boma yoona za mapu ili pa 23½ Charles Street.

Za foniyo, konzani muli kunyumba pa Wi-Fi. Mu Google Maps tsitsiranitu mapu a chilumba chonse kuti azigwira popanda intaneti. GPS ya mufoni siidalira bandulo, imamva kuchokera ku masetilaiti, ndiye kadontho kosonyeza pamene muli kamayendabe ngakhale netiweki itasowa. Chimene mumataya ndi uthenga wa kuchuluka kwa galimoto ndi misewu yotsekedwa. Ikaninso pulogalamu yachiwiri yochokera ku gwero lina, monga Organic Maps kapena OsmAnd, zimene zimagwiritsa ntchito mapu a OpenStreetMap ojambulidwa ndi anthu odzipereka. Phindu lake si lakuti ndi abwino kuposa enawo. Ndi lakuti mapu awiri akasemphana pa kanjira kena, mwadziwiratu kuti pamenepo mpofunika kufunsa munthu. Waze imathandiza m'kati mwa Kingston nthawi ya m'mawa ndi madzulo, koma imafuna intaneti nthawi zonse ndipo imakonda kudula m'makwalala, zimene mlendo sayenera kuchita. Mukafika gulani simukadi ya Digicel kapena Flow, mutenge pasipoti pokagula, ndipo onetsetsani kuti foni yanu si yokhoma ku kampani ya ku Britain. Chinanso chimene ine ndimachita: makilomita asanu omaliza ndimawayang'aniratu pa chithunzi cha setilaiti. Msewu ukamaoneka woyera kapena ukamasowa pansi pa mitengo kwa nthawi yaitali, ndimadziwa kuti si tala.

Tengani tchaja ya m'galimoto ndi kachogwirira foni. Malamulo atsopano a pamsewu amene anayamba kugwira ntchito pa 1 Febuluwale 2023 amaletsa kuyendetsa foni ili m'manja, ndipo apolisi amalipitsa chindapusa. Koma poti muli awiri, wina agwire chiwongolero wina agwire mapu. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri.

Mapu a papepala musawapeputse. Sakutha batire, ndipo amaonetsa chilumba chonse nthawi imodzi, zimene kagalasi ka foni sikangathe. Mugule musananyamuke, chifukwa kumeneko mutha kuzungulira mashopu angapo osawapeza. A International Travel Maps a ku Canada ndi a National Geographic onse anatulutsa mapu a Jamaica, ndipo shopu ya mapu ya Stanfords ku London ndi malo abwino oyambira kufunsa. Kampani ya hayala kapena hotela ikakupatsani mapu aulere landirani, ngakhale ambiri ndi osatsira malonda. Nayi njira yodziwira msinkhu wa mapu alionse: yang'anani msewu wolipira wochokera ku Caymanas, pafupi ndi Kingston, kukafika ku Mammee Bay pafupi ndi Ocho Rios. Unatsegulidwa wonse mu 2016. Ngati palibe, mapuwo ndi akale kuposa pamenepo. Kenako yang'anani ngati msewu wolipira wa kumwera wafika ku Williamsfield. Mbali imeneyo inatsegulidwa mu 2023, ndipo mapu ambiri a papepala amathera pa May Pen. Mapu akale si oti mutaye, mungodziwa zimene akusowa. Aliponso mapu a boma a National Land Agency a muyeso wa 1:50,000, pamene masentimita awiri akuimira kilomita imodzi. Amenewa ndimawakonda ine chifukwa amaonetsa kutsetsereka kwa mapiri, ndipo phiri silikalamba ngati msewu. Koma pa ulendo wa masiku 10 simukuwafuna, pokhapokha ngati mukukakwera mapiri wapansi.

Tiyeni tiyende ulendo wanuwo pang'ono. Kuchoka ku Montego Bay kupita ku St Elizabeth, njira imene ambiri amadziwa ndi B8: mukhotera pa Reading, kukwera chitunda cha Long Hill, kudutsa Anchovy ndi Montpelier, kutsikira pa Ferris Cross, pamene mukumana ndi A2 n'kulowera kum'mawa cha ku Black River. Long Hill ndi yopapatiza, ya makhona, ndipo mumadutsa malole. Pali njira zina zodula pakati zimene foni ingakuonetseni, zina n'zabwino ndithu kutengera kumene kuli mudziwo, koma zimenezo akusankhireni ndi eni mudzi. Ndipo ngati ndege yanu ikutera madzulo, gonani ku Montego Bay. Munthu amene wakhala maola oposa 9 m'ndege asayambe kuphunzira Long Hill mumdima.

Pano ndiyenera kukuchenjezani mwapadera. Pa 28 Okutobala 2025 namondwe wamphamvu kwambiri wotchedwa Melissa anatera kumwera chakumadzulo kwa chilumbachi, ndipo St Elizabeth ndi Westmoreland ndi ena mwa madera amene anaphwanyika koposa. Tauni ya Black River inawonongeka kwambiri. Chaka cha 2024 namondwe Beryl anali atakanthanso gombe lomwelo la kumwera. Inu amene mukukumbukira zimene Freddy anachita ku Mulanje ndi Phalombe mu 2023 mukudziwa kuti zikatere mlatho, chikwangwani, ngakhale tchalitchi chimene anthu ankalozera njira chimatha kusowa, pamene pamapu chikadalipo. Mnzanu wa ku Birmingham atha kukufotokozerani njira mmene anaisiyira zaka zisanu zapitazo. N'chifukwa chake ndikulimbikira kuti malangizo achokere kwa munthu amene akugona m'mudzimo panopa.

Ukwati ukatha, wa ku Kingston ndi wosavuta. A2 ikudutsitsani pa Middle Quarters, pamene amayi amagulitsa tinkhanu ta shrimp ta tsabola m'timapepala m'mbali mwa msewu, kenako Santa Cruz, kenako pa Gutters muyamba kukwera Spur Tree Hill kupita ku Mandeville. Ndi chitunda chachitali chokhotakhota, chofanana ndi Chiweta kwa amene anayendako kumpoto kwathu. Musapikisane ndi malole pamenepo. Mukatsikira ku Williamsfield lowani msewu wolipira mpaka kufupi ndi Kingston. Sungani ndalama za ku Jamaica zapamanja zolipirira pa mageti, ndipo yang'anani mufoni kuti simunatchere zoti izipewa misewu yolipira. Anthu ambiri anatchera zimenezi kalekale n'kuiwala. Ku Jamaica kuiwala kumeneku kuli ndi mtengo wake, makamaka pakati pa Kingston ndi Ocho Rios, chifukwa foni idzakulowetsani msewu wakale wa m'chigwa cha Bog Walk. Kumeneko kuli Flat Bridge, mlatho wakalekale wa pamtsinje wa Rio Cobre, wodutsa galimoto imodzi nthawi imodzi, wopanda zitsulo za m'mbali, ongodalira maloboti. Kukakhala kouma ndi malo okongola oti munthu awaone. Mvula ikagwa kumtunda madzi amakwera pamwamba pa mlathowo ndipo chigwa chonse amachitseka.

Blue Mountains ndi kumene ndikufuna mumvetsetse. Kuchoka ku Papine, kumapeto kwa Kingston, msewu umagawikana pamalo otchedwa The Cooperage. Kumanzere ndi B1, yokwera ku Irish Town, kudutsa pakati penipeni pa bwalo la perete la asilikali ku Newcastle, mpaka ku Holywell, malo ochezera alendo a m'nkhalango ya m'mapirimo. Galimoto wamba imafika kukakhala kouma, mukamayenda pang'onopang'ono ndi kuliza hutala pa khona iliyonse yosaona kutsogolo. Kumeneko hutala si mwano, ndi moni wodziwitsa mnzako kuti ukubwera. Kumanja ndi njira ya ku Gordon Town ndi Mavis Bank, yopita kumene anthu amayambira kukwera nsonga yaitali ya mamita 2,256. Kupitirira Mavis Bank musayerekeze ndi galimoto ya hayala. Kumafuna galimoto yokoka matayala onse anayi ndi dalaivala wa komweko, ndipo malo ogona a kumtundako amakonza zokutengani mukawauziratu. Mufunsenso a hayala kuti inshulansi yawo imalola misewu iti, chifukwa ambiri salipira galimoto ikawonongekera pamsewu wopanda tala.

Msampha uli apa: mukakhala ku Holywell n'kulemba Port Antonio, foni idzakuuzani kuti mupitirire ndi B1 kutsikira ku Buff Bay. Pamapu ndi yaifupi mochititsa kaso. Koma mbali imeneyo yakhala ikudulidwa ndi zigumukire kambirimbiri, ndipo chifunga chimatsika masana. Musailowe musanafunse ogwira ntchito ku Holywell kapena dalaivala wa taxi amene wachokera kumunsiko tsiku lomwelo. Njira yodziwika yochokera ku Kingston ndi A3, imene eni ake amangoti Junction (osati tauni ija ya ku St Elizabeth): Constant Spring, Stony Hill, munda wa maluwa wa Castleton, kutsata mtsinje wa Wag Water mpaka kufupi ndi Annotto Bay, kenako A4 m'mbali mwa nyanja kudutsa Buff Bay ndi Hope Bay. Konzekerani maola awiri ndi theka kapena atatu. Inanso ndi yozungulira kum'mawa kudzera ku Morant Bay, imene akhala akuikonza zaka zapitazi, koma ndi yaitali. Portland, dera la Port Antonio, ndi kumene kumagwa mvula yambiri pachilumba chonse, ndiye m'mawa woti munyamuke yang'anani masamba a National Works Agency pa Facebook kapena X, pamene amalengeza misewu yotsekedwa, ndi nyuzipepala za Gleaner ndi Observer. Nyengo ya anamondwe imayamba pa 1 Juni kufika pa 30 Novembala, ndipo mvula imachuluka cha mu Meyi ndi Okutobala.

Kufunsa njira nako kuli ndi luso lake. Safunsa anadya phula, koma wofunsa molakwika naye amasochera. Yambani ndi moni, anthu a kumidzi kumeneko amasunga ulemu ngati kwathu, ndipo kungotsitsa galasi n'kuponya funso amakuona ngati wamwano. Funsani pomwetsera mafuta, pashopu, kupolisi, kapena kwa madalaivala a taxi za manambala ofiira, amene amayenda njira imodzimodzi tsiku lonse ndipo amadziwa dzenje lililonse. Musafunse kuti "kodi iyi ndi njira ya kwakuti?" chifukwa munthu wofuna kukusangalatsani angovomera. Funsani kuti msewu uwu ukupita kuti, ndipo tchulani tauni yotsatira osati mudzi wakutali. Manambala a misewu, A2 kapena B8, anthu ambiri sawagwiritsa ntchito polankhula, amatchula dzina la malo. Achikulire ena amayezabe mtunda ndi chain, muyeso wakale wa oyeza malo wa mamita pafupifupi 20, koma akati ma chain ochepa musawerengere, atha kukhala kilomita. Ndi chimodzimodzi "pompano apa" wa kumudzi kwathu. Mayina ngati Three Miles ndi Six Miles ku Kingston ndi malo, monga Six Miles ya ku Lilongwe, osati mtunda umene watsala. Chilankhulo chawo cha Patwa chimathamanga, ndiye musaope kupempha kuti abwereze, ndipo mukayenda pang'ono funsaninso wina.

Chinthu china chimene mapu alionse sangakuuzeni ndi chitetezo. Ku Kingston, Spanish Town ndi Montego Bay kuli madera ena amene kumachitika ziwawa za magulu a zigawenga, ndipo foni siwasiyanitsa ndi ena. Mwachitsanzo, kwa zaka zambiri malangizo a boma la Britain kwa apaulendo ankanena kuti pochokera ku bwalo la ndege la Norman Manley, la ku Kingston, anthu adzere South Camp Road m'malo mwa Mountain View Avenue, pamene pulogalamu imangoona kuti yachidule ndi iti. Zinthu zimasintha, ndiye werengani malangizo atsopano a ofesi ya Foreign Office sabata yonyamukira, ndipo mukafika funsani a pamalo ogona kuti akujambulireni njira yolowera ndi yotulukira. M'mizinda itatuyi khalani m'misewu ikuluikulu ngakhale pali mzere wa galimoto. Mukapeza msewu watchingidwa ndi miyala, mitengo kapena zitsulo zakale, tembenukani, osatsika kukachotsa. Mukakumana ndi rodibuloko ya apolisi ndi asilikali, ndi zachizolowezi: laisensi ndi mapepala a galimoto zikhale pafupi. Nambala ya apolisi ndi 119, ya ambulansi ndi ozimitsa moto ndi 110.

Usiku musayende mtunda wautali. Dzuwa limalowa msanga chaka chonse, cha m'ma 6 koloko kapena kupitirira pang'ono, misewu ya kumidzi ilibe magetsi, maenje saoneka, mbuzi ndi anthu oyenda pansi ali m'mbali momwemo, ndipo madalaivala ena sazimitsa magetsi aakulu. Mukapeza madzi akuyenda pamwamba pa msewu, dikirani kapena bwererani, ngakhale minibasi itadutsa inu mukuona.

Pali nthawi zimene ndingakuuzeni kuti kiyi mupatse wina. Ngati kwalengezedwa chenjezo la namondwe kapena la madzi osefukira, musanyamuke n'komwe, mverani wailesi ndi a ODPEM, ofesi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Ngati eni mudzi akuti njira yawo ndi yovuta chidutsireni namondwe, siyani galimoto m'tauni akutengeni. Ngati tsiku loyamba mwaona kuti kapitidwe ka ma taxi ndi maminibasi kakukuthamangitsani magazi, palibe chamanyazi kubweza galimoto. Mabasi a Knutsford Express amalumikiza matauni akuluakulu monga Montego Bay, Ocho Rios, Kingston, Mandeville ndi Port Antonio, ndipo madalaivala ovomerezeka a alendo, monga a bungwe la JUTA, mutha kuwachita hayala tsiku lathunthu. Tsiku la ukwati lenilenilo ine ndikanakwera ndi abale, chifukwa phwando la kumudzi silitha dzuwa likadalipo. Za laisensi, lemberani kampani ya hayala musanalipire, muwauze ngati yanu ndi ya ku Britain kapena ya ku Malawi, akuyankheni molemba.

Pobwerera, kuchoka ku Port Antonio kukafika ku Montego Bay ndi makilomita pafupifupi 200 m'mbali mwa nyanja, kudzera Annotto Bay, Port Maria, Ocho Rios, St Ann's Bay ndi Falmouth. Msewu ndi wabwino ndipo simungasochere, nyanja ikakhala kudzanja lamanja ndiye kuti muli bwino. Koma umadutsa m'kati mwa matauni, ndipo pa Ocho Rios ndi polowa Montego Bay pamadzaza. Nthawi imene foni ikuuzeni muwonjezerepo ola lathunthu, kapena bwererani dzulo lake mukagone kufupi ndi bwalo la ndege. Galimoto ya hayala amaiyendera kaye asanakubwezereni dipoziti, ndiye matayala ndi magalasi muwajambule pafoni tsiku loitenga, sipeya ndi jeke muzione ndi maso anu musanatuluke pageti.